Matailosi a amayi, mawondo a mwana wa eni

Nyumba ya amayi ku Chitala ili ndi matailosi oyera. Ndivomereretu kuti amene anasankha oyerawo ndine. Ndalama zinachokera ku Joni kwa achemwali anga, koma ku hadiweya ku Lilongwe ndinapita ndine, ndipo nditangoona oyera mbee aja ndinati basi, awa ndi amenewa. Za fumbi la mu October sindinaganize. Za matope a makande omwe amakakamira ku patapata m'dzinja, kapena za adzukulu olowa m'nyumba mango ali kukamwa, madzi ake akuchucha mpaka m'zigongono, sindinaganizenso. Chomwe chinali m'mutu mwanga ndi chithunzi chokaponya pa gulu la WhatsApp la pabanja pathu.

Papita zaka zitatu. Matailosiwo akadali bwino, ukakolopa amawala. Koma mizere ya pakati pake, muja amisiri amamata kasimenti kosalala komwe amati grout, inada bii. Ukaima pakhomo n'kuyang'ana pabalaza umangoona ngati tsamba la m'kope la masamu. Ku bafa ndiye kunali zina: mizere yakuda, ndipo m'munsi mwa khoma zoyera zokakamira zija zomwe madzi a pamjigo amasiya akauma.

Ife tinali titazolowera, sitinkazionanso. Anaziona ndi achemwali, pa foni, tsiku lomwe tinkakambirana za chinkhoswe cha mlongo wathu wamng'ono. Amayi anagwira foni mopendeka, m'malo moonetsa nkhope anaonetsa pansi. Achemwali anangoti, "Amayi, mizereyo inali choncho?" Iwo amadziwa. Zaka zonsezi ku Johannesburg ntchito yawo ndi yomweyo, kukonza m'nyumba za anthu. Anandiuza kuti ndifufuze munthu wa makina, ndalama atumiza.

Munthuyo ndinamupeza: bambo wina wa pa boma ku Salima, amene amatsuka matailosi m'malo ogona alendo ku Senga Bay. Anandifunsa kukula kwa zipinda, ngati kunyumbako kuli magetsi, ngati madzi ndi a pampopi kapena a pamjigo, kenako anatchula mtengo. Sindiutchula pano, achibale ena amawerenga zomwe ndimalembazi. Ndingoti, kuphatikiza thiransipoti, unkaposa malipiro a mwezi wathunthu a wantchito wa m'nyumba.

Amayi atamva anayamba aseka kaye. "Ndalama zonsezo, kukolopa? Kukolopa komweku? Iwe, ife manja tilibe? Tikonza tokha."

Ndipo ine ndinagwirizana nawo, mwachangunso.

Kunyumbako amayi amakhala ndi mtsikana, mwana wa msuweni wawo, wa zaka 15, ali Fomu 1. Kwa makolo ake zinthu sizikuyenda, ndiye amayi anamutenga, fizi timalipira ife. Ndinagula burashi ndi botolo la spirit of salt, asidi uja amisiri amachotsera simenti yotsalira akamaliza kumanga. Ndinasiya pa tebulo, ndinanena mwachidule kuti azisungunula ndi madzi, ine uyo pa minibasi kubwerera ku Lilongwe.

Loweruka lake mtsikanayo anayambira ku bafa. Ataona kuti kudako sikukuchoka msanga, anathirapo mankhwala oyeretsera zovala aja tonse timangoti jiki, kaya ndi a kampani iti. Maganizo ake anali abwinobwino: ichi chimayeretsa, ichinso chimayeretsa, ndiye kuti ziwiri ziyeretsa koposa. Palibe anamuuza kuti ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine, womwewo asilikali a Germany anatulutsira adani awo ku Ypres mu April 1915. Bafa lathu kazenera kake n'kakang'ono, ndipo chitseko anatseka kuopa ana. Amayi anamupeza ali panja chogwada, akutsokomola osalekeza, misozi ili chuchuchu, kupuma kukuvuta. Anathamangira naye kuchipatala pa njinga yamoto. Anachira, Mulungu ndi wabwino, ngakhale chifuwa chinamuvuta masiku angapo. Wolakwa ndine, amene ndinasiya botolo lija pa tebulo ngati ndasiya paketi ya shuga.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulimbana ndi funso lomwe poyamba ndinkaliona ngati la masamu chabe. Kodi kulipira munthu kuti adzatsuke mizere ya m'matailosi n'kuwononga ndalama? Kodi ndi ulesi? Kodi munthu wamanja ake awiri ayenera kuitana mnzake kuti adzamuchotsere litsiro lake?

Ndisanawatsutse amayi, ndiwaimire kaye, chifukwa zomwe ananena si zopusa. Iwo anakulira m'nyumba yozira. Mtsikana aliyense nthawi imeneyo ankadziwa kokakumba mtsiro wabwino, kuukanda ndi madzi, kuzira chobwerera m'mbuyo kuchokera mkati mpaka pakhomo kuti asaponde pomwe wazira, kenako kusalaza ndi mwala. Itabwera simenti, kunabweranso polishi wa Cobra, ife ana kumatsetsereka ndi chisanza kumapazi mpaka pansi pawale. Pa zonsezi panalibe ndalama yomwe inkatuluka pakhomo kupita kwa munthu wakunja. Ukhondo wa panyumba inali mbiri ya mayi wa panyumbapo. Ndiye kuitana mlendo, mwamuna, kuti alowe mpaka ku bafa kwako n'kuona zomwe walephera kuchotsa, kwa amayi kuli ngati kukalengeza pa msika kuti umayi wakukanika.

Palinso china chozama kuposa manyaziwo. Munthu amene amachotsa yekha litsiro lake amadziwa kuchuluka kwa litsiro lomwe amapanga. Amavula nsapato pakhomo osauzidwa. Ndawaona anzanga ena m'tauni, oleredwa m'nyumba za antchito, akutaya makoko a nthochi pansi pa mpando mtima uli phee, chifukwa chibadwire zinthu zotayidwa zimangosowa zokha. Mlembi wina wa ku America, Barbara Ehrenreich, anakagwirako ntchito ku kampani yokonza m'nyumba za anthu ku Maine pofufuza moyo wa anthu olandira zochepa, n'kulemba buku lake Nickel and Dimed lomwe linatuluka mu 2001. Iye anakolopa chogwada m'nyumba za anthu olemera, eni ake akumuyang'ana. Ndipo m'bukumo akufotokoza kuti mwiniwakeyo ankakana kukhala ndi wantchito wa m'nyumba, chifukwa ubale woterowo, wina chiimire wina chogwada, sankaufuna ndi munthu mnzake. Amayi anga ndi mayi ameneyu sanadziwane, wina wa ku Chitala wina wa kutsidya kwa nyanja zamchere, koma pa mfundo iyi akanagwirana chanza: litsiro lako, chotsa wekha.

Ndimailemekeza mfundo imeneyi. Vuto langa lili pa liwu limodzi lomwe amayi ananena ine n'kuvomera: "tokha".

Tokha ndani? Amayi ali ndi zaka zopitirira 60, mawondo anayamba kalekale kuwavuta, kutchalitchi sagwadanso. Ine ndinakwera minibasi. Achimwene anga omwe amakhala pafupi ndi nyumbayo chibadwire sanagwirepo chikolopa, ndipo palibe anayembekezera kuti agwire. Mawu akuti "tikonza tokha" tinawanena anthu awiri omwe tinkadziwa bwinobwino kuti mawondo okagwada pamenepo si athu. Chichewa chathu chimatha kubisa bwino zinthu zoterezi. Timati "taphika", "talima", "tachapa", pomwe wophika, wolima ndi wochapa ndi mmodzi, ndipo nthawi zambiri ndi wamng'ono pa onse komanso ndi wamkazi.

Nditabwerera ku Chitala ndinakhala pansi n'kuwerengera, mwina pofuna kudzilanga. Pabalaza pathu ndi mamita 4 mbali zonse, matailosi ake ndi a masentimita 40. Ndiye kuti mbali iliyonse kuli matailosi 10, mizere ya pakati 9 uku, 9 uku, yonse 18. Mzere uliwonse mamita 4. Ndi mamita 72 pabalaza pokha. Ukaphatikiza zipinda, khonde ndi bafa, nyumba yonse ikupitirira mamita 300. Bwalo la mpira kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Taganizani kuyenda chogwada kuchokera pa golo kufika pa golo katatu, burashi ili m'manja, asidi ali m'mphuno. Imeneyo ndiye ntchito yomwe ine ndi amayi tinati ndi yaulere.

Apa m'pomwe ndinazindikira chifukwa chomwe mtengo wa bambo a makina aja unatidabwitsira. Si kuti unali wokwera. Tinadabwa chifukwa kanali koyamba kuti munthu aike mtengo pa ntchito yomwe m'banja mwathu, mibadwo yonse, inkagwiridwa popanda tambala. Mmisiri woika matailosiwo tinamulipira osawiringula kwambiri. Wa mapaipi, wa magetsi, wowotcherera zitsulo za m'mawindo, onse tinawalipira. Zonsezi ndi ntchito za amuna ndipo timadziwa kuti zili ndi mtengo. Koma kukolopa? Kukolopa ndi kwa mtsikana wa panyumba, ndipo mtsikana wa panyumba "amangothandiza".

Liwu lakuti kuthandizali tiyenera kumaliopa, ife a Malawi makamaka. Makolo athu anali ndi liwu labwino, kuthangata, kutanthauza kuthandizana ntchito pakati pa anansi. Nthawi ya atsamunda eni minda ikuluikulu ya ku chigawo cha kumwera analitenga liwu lomwelo n'kulimata pa ntchito yokakamiza yomwe anthu ankagwira ngati lendi ya malo omwe akukhalapo. Thangata ameneyu ndi chimodzi mwa zomwe zinautsa John Chilembwe mu January 1915. Sindikunena kuti amayi anga ndi atsamunda, chonde, asanandiimbire achibale. Mtsikanayo amamukonda, amadya mbale imodzi, akadwala sagona. Koma taonani kufanana kwake: ukukhala pa malo anga, ukudya zanga, ndiye ntchito yako ilibe mtengo, ndipo kukana sungakane. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mwambiwo uli ndi mchira wake womwe ambiri timaudula: ukachenjera manja udya naye. Ife manjawo tinachenjeradi.

Ngakhale malamulo amaima pakhomo. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma chiletsocho sichikhudza ntchito za m'makomo. Boma limaika malipiro ochepetsetsa a wantchito wa m'nyumba: mu February 2024 linaika K52,000 pa mwezi, pomwe antchito ena linawaikira K90,000. Onani nokha kusiyanako, ndi momwe dziko limaionera ntchito ya chikolopa. Bungwe la ILO linakhazikitsa pangano lapadera loteteza antchito a m'nyumba mu 2011. Koma mwana wa msuweni si wantchito. Alibe malipiro, alibe maola, alibe tsiku lopuma, alibe kokadandaula. Ndi mwana wa panyumba. Ndipo mwina ndi zoona kuti m'makomo ambiri njira imeneyi ndi yomwe yaphunzitsa ana omwe sakanapita kusukulu; achemwali anga omwewo anaphunzira akukhala kwa azakhali. Sindikufuna kugwetsa mwambo wonse. Ndikungoti pali kusiyana pakati pa mwana kusesa pabwalo ndi kutsuka mbale, zomwe ana a m'nyumbamo onse amachita, ndi kumusiyira botolo la asidi chifukwa akuluakulu tawona kuti ndalama yathu ndi yowawa.

Tsono nkhani ina yomwe sindinkaidziwa: ntchitoyi si kukolopa. Bambo aja nditawaimbiranso, mwamanyazi, anandifotokozera zinthu zomwe ndikanayenera kufunsa tsiku lomwe ndinkagula matailosi. Tailosi pamwamba pake ndi posalala ngati mbale yadothi ya m'sitolo, sipamwa madzi. Koma grout ndi simenti, ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, imamwa chilichonse. Komanso mzerewo umakhala wotsikirako pang'ono poyerekeza ndi tailosi. Ndiye ukamakolopa ndi ndowa imodzi nyumba yonse, madzi akuda aja umawachotsa pa tailosi n'kuwasiya m'mizere, momwemo amauma. Kunena kwina, mtsikana wathu tsiku lililonse m'mawa, asanapite kusukulu, ankakolopa mokhulupirika, ndipo kukolopa komweko n'komwe kunkadetsa mizereyo. Sopo waufa wochuluka amaonjezera vuto, amasiya zomata zomwe fumbi limakakamirapo.

Asidi naye ali ndi mbali yake. Amasungunula zoyera za madzi a pamjigo zija, inde, koma amasungunulanso simenti. Mzere umaoneka wayera chifukwa wadyeka pamwamba. Ukabwereza kangapo grout imayamba kufumbutuka, madzi amalowa pansi, ndipo tsiku lina ukagogoda tailosi imalira ngati ng'oma, kenako imatukuka. Ku bafa kwathu zinali zitayamba kale. Iwo amati litsiro la mafuta ndi la mapazi limafuna mankhwala a mtundu wina, osati asidi. Amawasiya kwa mphindi zingapo, amapukuta ndi makina a burashi, kenako makina ena amayamwa madzi akudawo kuti asabwerere m'mizere. Pakauma amapaka mankhwala otseka timabowo tija, omwe amati sealer.

Ndikuganiza kuti apa pali phunziro lokhudza nyumba zambiri zomwe zikumangidwa m'midzi mwathu ndi ndalama za ku Joni. Nzeru ya kuzira inkabwera limodzi ndi nyumba yozira, agogo kuphunzitsa amayi, amayi kuphunzitsa mwana. Matailosi anabwera m'makatoni okhaokha. Tinagula pansi pa nyumba za eni, koma kasamalidwe kake sitinagule. Ndipo zodabwitsa n'zakuti ku Chitala komweko anthu sakana nzeru ya katswiri. Pali malo ofufuzira za ulimi, pali mpaka mtundu wa mtedza womwe dzina lake ndi Chitala. Amayi akamva kuti alangizi anena zakuti za mbewu, amamvera. Ng'ombe ikadwala amaitana wodziwa. Koma za ukhondo wa m'nyumba sakhulupirira kuti mungakhale ukatswiri, chifukwa ntchito yomwe akazi akhala akugwira ulere timaiona ngati ilibe nzeru mkati mwake.

Tsono ndiyankhe: n'koyenera kapena ayi? Sindingakunamizeni kuti nthawi zonse n'koyenera. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense akudziwa chomwe thumba la feteleza likuchita m'matumba mwathu. Munthu amene akusankha pakati pa fizi ya mwana ndi mizere yoyera, n'kusankha mizere, ameneyo mutu sukuyenda. Ngati muli ndi kachipinda kamodzi ndi kabafa, soda wophikira uja, madzi ofunda ndi mswachi wakale zikukwanirani Loweruka limodzi. Ndipo ndivomere, chomwe chinatituma ife si matenda kapena ngozi. Chinali chinkhoswe. Tinkaopa maso a akuchimuna, kuti akalowa m'nyumba adzapita akunena kuti kwa apongozi kuli uve. Ndi kunyada, si china. Mizere yakuda ya pabalaza sinaphepo munthu. Nkhungu ya ku bafa ndi nkhani ina, koma ya pabalaza ndi maso chabe.

Ndiye ndikaziyala bwinobwino, njira zoona zomwe ndinali nazo zinali zitatu. Kugwada ndekha. Kutulutsa ndalama kulipira wodziwa. Kapena kuisiya mizereyo ide, alendo anene zomwe anene. Iliyonse mwa zitatuzi ili ndi pomwe imandipweteka ine: mawondo anga, thumba langa, kapena ulemu wanga. Njira yomwe ndinasankha poyamba ndi yachinayi, ndipo ubwino wake wonse unali woti sinkandipweteka paliponse. Ndinkafuna mizere yoyera, ndalama zanga zili m'thumba, thalauza langa lili loyera, komanso n'kumadzitama kuti ife kwathu sitichita zaulesi zolemba anthu. Zonsezi zinatheka chifukwa panali munthu amene sakanatha kunena kuti ayi.

Pa mfundo ya Ehrenreich ija, yoti kulemba munthu wokukonzera m'nyumba kumaononga ubale wa anthu, ndinawafunsa achemwali. Ndani angadziwe kuposa iwo? Ndinawafunsa ngati samva kuwawa kugwada m'mabafa a eni. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Achimwene, nyumba mukukambayo inamangidwa ndi mawondo anga. Mabwana anga onse akanaganiza ngati mzungu wanuyo, bwenzi amayi akuzirabe." Anati ntchitoyo siwawa. Chowawa ndi bwana amene sakupatsa moni, amene amakuikira kapu yakoyako kuseri, amene mwezi ukatha amati ubwere mawa. Anati pali nyumba zomwe umalowa ngati munthu wodziwa ntchito yake, ndipo pali zomwe umalowa ngati chikolopa choyenda ndi miyendo. Mabafa ake ndi ofanana.

Mawu amenewa anandithandiza, koma anandichotseranso pobisala. Chifukwa ngati vuto silili pa kulipira, ndiye kuti kulipirako pakokha sikundiyeretsa. Tonse tikudziwa momwe ganyu amayendera kwathu kuno: munthu wanjala amabwera m'mwezi wa January, iwe umatchula mtengo womwe ukudziwa kuti ndi wachipongwe, iye amavomera chifukwa ana sanadye dzulo. Pamenepo ndalama yatuluka, koma munthuyo nayenso sakanatha kukana. Chomwe chinawasiyanitsa bambo a makina aja ndi mtsikana wathu si ndalama yokha. Iwo anatchula mtengo okha. Ndinayesa kunenerera, chizolowezi, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti, "Bwana, ngati zavuta palibe kanthu, mudzandiimbira zikadzatheka." Anali ndi mphamvu yochoka. Ndinamva kupsa mtima pang'ono, ndipo ndikaganiza bwino, chomwe chinandipsetsa mtima n'choti munthu wokolopa akulankhula nane ngati mnzanga.

Tinawaitana. Chipinda changa chakale ndinati ndichita ndekha, ndi soda ndi mswachi, kuti ndidziwe chomwe ndikukamba. Ndinayamba 7 koloko m'mawa, kutentha kwa ku Salima kusanakwiye. Pofika 10 koloko ndinali nditamaliza theka, msana ukuyaka, mawondo atachita zidindo za mizere. Mtsikana uja anadutsa pakhomo, anayang'ana, anagwira pakamwa n'kuthawira kukhitchini. Ndinamumva akuseka ndi amayi. Theka linalo ndinawasiyira a makina.

Iwo anafika ndi kagalimoto kakang'ono, makina awiri, zigubu ndi mnyamata wowathandiza. Choyamba anatsegula mawindo ndi zitseko zonse. Amayi anakhala pa mpando pakhonde, manja atapinda, nkhope ya munthu amene akudikira kuti aone pomwe anamizidwe. Makina atayamba kuyamwa, bambowo anawaonetsa madzi omwe anatuluka pabalaza pomwe panakolopedwa m'mawa womwewo. Anali ngati a m'chithaphwi. Amayi anangoti, "Ii!" Kenako anayamba mafunso, ambirimbiri. Bambowo anawauza za ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo pang'ono, ina yotsukuluzira chikolopa, ndi kusintha madzi chipinda chilichonse. Anaitana mtsikana uja n'kumuuza, mosakalipa, zinthu zomwe sayenera kusakaniza moyo wake wonse. Ku bafa anakokota grout yofumbutuka ija n'kuika ina, ndipo anandifunsa ngati ndikufunabe yoyera. Ndinati aike yotuwa.

Pali chimodzi chomwe sichinandikhalire bwino. Makina safika m'makona ndi kuseri kwa chimbudzi. M'menemo munkalowa mnyamata uja, chogwada pa thumba lopinda, burashi m'manja. Magolovesi anali nawo, majombo anali nawo. Pa nthawi yopuma ndinamufunsa chamseri kuti pa ndalama zomwe ndalipirazi iye amalandira zingati. Anaseka, anayang'ana komwe kunali abwana ake, n'kunena kuti, "Zimatheka, big." Sindinafunsenso. Ndinamupatsa ya madzi pomwe ankanyamuka, ndipo ndikudziwa kuti ya madziyo inali yogulira mtendere wa mumtima mwanga, si yankho. Ngakhale pomwe pali makina, penapake pamakhala mawondo a munthu.

Masana amayi anaphika nsima ya usipa ndi chisoso. Anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, anawapatsa madzi osamba m'manja bambowo ndi mnyamata wawo, tonse tinadya pamodzi. Anawafunsa kwawo, mfumu yawo, ndipo zinapezeka kuti akudziwana ndi anthu ena a kutchalitchi. Pochoka anawapatsira mtedza m'jumbo.

Madzulo ndinawapeza ataima pakhomo la pabalaza, akuyang'ana pansi. Ndinawafunsa kuti nanga akuona bwanji.

"Payera," anatero. "Koma wadula."

M'mawa mwake, ndisananyamuke, ndinawapeza kukhitchini ya panja ija, yomwe anakana kuti tiikemo ngakhale simenti. Anali atakhala chotambalala chifukwa cha mawondo aja, beseni la mtsiro lili pambali, akuzira pang'onopang'ono chobwerera m'mbuyo. Mtsikana uja anafuna kuwalandira. Anamukaniza, anati apite asachedwe kusukulu.